Kafunsidwe ka Apolisi: Cikoti Sicibala Umboni

RUFUNSA. Munthu wocokera ku Lusaka akatsata mseu waukulu wopita ku Chipata, napitirira Chongwe ndi akasupe a madzi otentha a pa Chinyunyu, amalowa m'dziko la mapiri ndi nkhalango, kumene matumba a makala amaima m'mbali mwa mseu ngati asilikali pa perete. Limeneli ndilo boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe, dziko la mafumu a Asoli, a Mpanshya, a Bunda Bunda ndi a Shikabeta. Midzi yake iri patalipatali, ina kuseri kwa mapiri ca ku mtsinje wa Lunsemfwa, kumene galimoto imafika mobvutikira m'nyengo ya dzinja.

Ku malo otere, ng'ombe zikabedwa usiku, kapena munthu akapezeka atagona m'magazi panjira yocokera ku mowa, palibe makina ojambula amene anaona, ndipo akatswiri opima magazi ndi zidindo za zala ali kutali mu Lusaka. Mlandu wonse umatsamira pa mau: mau a mwini ng'ombe, mau a mbusa, mau a mai amene anadzuka pakati pa usiku namva agalu akuuwa, ndiponso mau a munthu amene mudzi wamloza cala.

Nkhani yathu lero ndi ya m'mene mauwo amatengedwera. Kwa zaka zambiri apolisi ena, pamodzi ndi ife anthu wamba, takhala tikukhulupirira kuti mbala siinena zoona popanda cikoti. Wodandaula akafika ku polisi mumamumva akuti, "Bwana, mungompatsa ziwiri zitatu, aulula." Cikhulupiriro cimeneci cagwetsa milandu yambiri m'makhoti, camangitsa osalakwa, ndipo casiya mbala zenizeni zikuyenda momasuka pakati pathu.

NG'OMBE ZIWIRI ZASOWA

Tiyeni tiyerekeze, pakuti zotere sizacilendo kwa aliyense wokulira kumudzi. Bambo wina wa kwa Mpanshya adzuka m'mamawa napeza khola liri lotsekula, ng'ombe zake ziwiri zapagoli palibe. Mwezi ndi wa November, mvula yayamba, ndipo popanda ng'ombezo munda sulimidwa caka cino. Mudzi usonkhana. Wina akumbuka kuti mnyamata wakutiwakuti anaoneka dzulo madzulo akupalasa njinga kufupi ndi kholalo, ndipo wina aonjeza kuti mnyamata yemweyo anabapo nkhuku zaka zapitazo. Dzuwa lisanafike pamutu wagwidwa, wamangidwa ndi luzi, ndipo pofika ku polisi nkhope yatupa kale.

Wapolisi amene amlandira ali pakati pa moto. Kunja kuli khamu la anthu okwiya, mwini ng'ombe akulira, akulu a nchito akufuna lipoti, ndipo lamulo la kazengedwe ka milandu lifuna kuti womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 24 ngati kuli kotheka. Njira yacidule ioneka imodzi. Mnyamata akamenyedwa usiku wonse, mbandakuca adzanena kuti, "Inde, ndine." Akafunsidwa kumene anagulitsa ng'ombe, adzachula dzina lirilonse limene labwera m'mutu, cifukwa munthu womva ululu sasamala za coonadi, afuna kuti ululuwo uleke basi. Apolisi adzathera mafuta ndi masiku awiri kulondola dzina labodza, ndipo m'masiku omwewo ng'ombezo zakwezedwa pa lole, zaphedwa, nyama yagulitsidwa m'misika ya mu Lusaka.

Tisaiwale kuti kuba ziweto ndi mlandu waukulu m'dziko muno, ndipo wopezeka wolakwa sapatsidwa zaka zocepera 5 m'ndende. Mau amodzi otuluka ndi cikoti angathe kudya unyamata wonse wa munthu.

CIMENE LAMULO LINENA

Malamulo Oyendetsera Dziko la Zambia sabisa mau pa nkhaniyi. Ndime 15 iletsa kuzunza munthu aliyense kapena kumcitira zonyoza umunthu wake. Ndime 13 ilamula kuti womangidwa auzidwe cifukwa cimene wamangidwira m'cinenero cimene iye amva. Ndime 18 inena kuti wozengedwa mlandu ayesedwa wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa, kapena iye mwini atabvomera pamaso pa woweruza.

Kuonjezera apo, apolisi athu amatsata malangizo a oweruza amene anayambira ku England m'caka ca 1912. Malangizowa ndiwo gwero la cenjezo lija limene apolisi amalicha "warn and caution". Asanatenge sitetimenti ya woganiziridwa, wapolisi ayenera kumuuza kuti sakakamizidwa kunena kanthu, koma kuti ciriconse cimene anene cidzalembedwa ndipo cingagwiritsidwe nchito ngati umboni ku khoti.

Nanga cimacitika n'ciani munthu akafika ku khoti nanena kuti anabvomera cifukwa ca kumenyedwa? Woweruza amaimitsa mlandu weniweniwo nayamba kamlandu kena ka m'kati mwa mlandu, kongofufuza funso limodzi: kodi mauwa anatuluka mwaufulu? Pamenepo katundu wa umboni sali pa wozengedwa ai, ali pa a Boma. Iwo ndiwo ayenera kutsimikizira khoti mopanda cikaiko kuti panalibe kumenya, kuopseza kapena kulonjeza kanthu. Mfundo imeneyi inakhazikitsidwa kale m'milandu yonga wa Muwowo, umene Khoti la Apilo linagamula m'caka ca 1965, dziko lino liri ndi caka cimodzi cabe ca ufulu. Akalephera a Boma, sitetimentiyo imatayidwa ngati kuti siinalembedwe n'komwe.

Apa ndipo pagona tsoka la wapolisi wodalira cikoti. Popeza anali ndi "ndine" m'thumba, sanabvutike kupita kukaona mapazi ku khola, sanafunse mboni zina, sanafufuze malole amene anadutsa usiku umenewo. Sitetimenti ikatayidwa, doketi itsala yopanda kanthu, ndipo wozengedwa amasulidwa, kaya anabadi kaya sanabe. Kumudzi anthu amayamba kunong'ona kuti apolisi adya ciphuphu, kapena kuti khoti ndi bwenzi la mbala. Womenyedwa uja akapeza loya nasumira Boma, cipukuta misozi cimacokera m'thumba la msonkho wa inu ndi ine.

KHOMO LIMENE LINATSALA LOTSEKULA

Komabe tinene zoona, lamulo lathu linasiya kampata. M'caka ca 1976 Khoti la Suprimu linaweruza mlandu wa Liswaniso, mkulu wa apolisi amene anazengedwa mlandu wa ciphuphu, ndipo umboni wompeza wolakwa unapezeka ndi kalata yofufuzira imene siinatengedwe mwa lamulo. Khotilo linagamula kuti umboni wa zinthu zogwirika, ngati uli woona ndipo ukhudza mlanduwo, ulandiridwa ngakhale unapezeka mwa njira yosayenera. Mau obvomera mokakamizidwa amatayidwa, koma katundu wopezeka cifukwa ca mauwo angathe kulandiridwa.

Oweruza anali ndi zifukwa zao, ndipo sanalole kumenya ai. Koma wolemba uno aona kuti cigamulo cimeneci cimaika nyambo pamaso pa wapolisi wotopa. Amaganiza kuti ngakhale sitetimenti itayidwe, cikopa ca ng'ombe cimene woganiziridwa adzamlozera cidzaima m'khoti. Saganiza za anthu ena asanu amene adzawamenya asanafike pa mmodzi wodziwa kumene kuli cikopa.

Mbiri ya dziko lathu iri ndi zipsera za mcitidwe umenewu. M'caka ca 1993 Boma linakhazikitsa bungwe lotsogozedwa ndi loya Bruce Munyama kuti limve madandaulo a anthu ophwanyiridwa ufulu, ndipo ambiri anasimba za mazunzo a m'zitokosi. Asilikali ena atayesa kulanda Boma pa 28 October 1997, anthu ambiri anagwidwa, mmodzi mwa iwo Dean Mung'omba, mtsogoleri wa cipani cotsutsa. Ena anasimba kuti anapacikidwa pa citsulo ndi kumenyedwa, mcitidwe umene umachedwa kampelwa, ndipo bungwe lofufuza la Woweruza Japhet Banda linapeza kuti mazunzo anacitikadi. Dziko la Zambia linalowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu m'caka ca 1998, ndipo caka cotsatira Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lolandira madandaulo a anthu pa apolisi, limene mu 2016 linasanduka Police Public Complaints Commission. Ngakhale zinali tero, m'caka ca 2010 a Human Rights Watch, ataceza ndi akaidi m'ndende 6 za dziko lino, analemba kuti ambiri anasimba za kumenyedwa ku polisi kuti abvomere milandu.

Tisaloze apolisi okha. M'caka ca 2020, pamene mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba anagwira dziko lonse, makamu a anthu wamba anagwira alendo m'miseu, kuwafunsa ndi miyala ndi zibonga, ndipo ambiri anafa osaonekera pamaso pa woweruza aliyense. Wapolisi amabadwira m'midzi yathu yomweyi, ndipo maganizo amene apita nao ku nchito ndi omwe tinamlera nao.

Makolo athu anali ndi mwabvi. Woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa madzi a khungwa la mtengowo. Akasanza ndiye kuti ngwosalakwa, akafa ndiye mfiti. Lero tonse tidziwa kuti mwabvi unali kuyesa mphamvu ya m'mimba ndi dzanja la wosakaniza, osati coonadi. Cikoti ca m'citokosi cicita cimodzimodzi. Mbala yolimba mtima, yozolowera ndende, imaluma mano niipirira mpaka kutuluka. Amene amabvomera msanga ndi wamantha, wodwala, wacicepere, ndi munthu amene sanalowepo m'citokosi cibadwire.

ZIMENE ANZATHU ANAPHUNZIRA NDI MISOZI

Bvutoli si la Zambia yokha. M'caka ca 1974 mabomba anaphulika m'nyumba ziwiri zomweramo mowa mu mzinda wa Birmingham ku England, nafa anthu 21. Apolisi anagwira amuna 6 ocokera ku Ireland, ndipo anai mwa iwo anasaina masitetimenti obvomera atazunzidwa. Anakhala m'ndende zaka 16 kufikira khoti linawamasula mu 1991. Ku New York m'caka ca 1989, anyamata asanu a zaka zapakati pa 14 ndi 16 anafunsidwa kwa maola ambiri pa mlandu wogwirira mkazi m'paki, ndipo anai anabvomera pamaso pa makina ojambula. Mu 2002 mkaidi wina anaulula kuti anacita yekha, ndipo kupima kwa DNA kunatsimikiza mau ake. Taonani kuti kutopa, mantha ndi lonjezo lakuti "ukabvomera upita kwanu" zikwanira kugwetsa munthu, ngakhale cikoti palibe.

Dziko la England linapanga lamulo latsopano la apolisi mu 1984, ndipo m'zaka zotsatira kufunsa woganiziridwa kunayamba kujambulidwa pa tepi. Katswiri wa malamulo John Baldwin atapenda kufunsa 600 kojambulidwa, anapeza cinthu cocititsa manyazi: apolisi ambiri anali kulowa m'cipinda osakonzekera, atagamula kale m'mtima kuti munthuyo ngwolakwa, namangobwereza funso limodzimodzi. Anapezanso kuti oganiziridwa amene anasintha mau ao cifukwa ca kukakamira kwa wapolisi anali ocepa kwambiri. Motero mu 1992 kunayambika maphunziro atsopano ochedwa PEACE, amene colinga cake si kupeza "ndine" koma kupeza nkhani yonse yoona, imene ingathe kuyesedwa ndi umboni wina. Norway, New Zealand ndi maiko ena anatsatira njira yofanana.

Mu Africa muno, bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linabvomereza mu 2014 malangizo a ku Luanda, amene anena kuti wofunsidwa ali ndi ufulu wa loya ndi womasulira, ndi kuti kufunsako kulembedwe bwino. Ndipo mu May 2021 kunatuluka mfundo za dziko lonse za kafunsidwe koyenera, zodziwika ndi dzina la Juan Méndez, loya wa ku Argentina amene anali nthumwi yapadera ya United Nations pa za mazunzo kuyambira 2010 mpaka 2016. Bambo Méndez sanaphunzire nkhaniyi m'mabuku mokha. Iwo eni anamangidwa ndi kuzunzidwa kwao m'caka ca 1975 cifukwa coimira akaidi a ndale. Mfundozo zinalembedwa ndi maloya, akatswiri a maganizo a munthu, pamodzi ndi apolisi ofufuza milandu, ndipo zimanena poyera kuti kafunsidwe kaulemu ndiko kamabala umboni wodalirika koposa.

MBONI NAYO IMAONONGEKA

Anthu ambiri akamva za kafunsidwe amaganiza za woganiziridwa yekha, koma milandu yambiri imafera pa mboni. Cikumbukiro ca munthu ciri ngati mapazi a pa dothi lonyowa: aliyense wopondapo pambuyo amasintha cimene cinalipo.

M'caka ca 1974 akatswiri awiri a ku America, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya magalimoto. Ena anafunsidwa liwiro la magalimotowo pamene "anagundana", ena pamene "anaphwanyana". Oyambawo anati mailosi 34 pa ola, aciwiriwo anati oposa 40. Patapita sabata, omwe anamva mau akuti "anaphwanyana" ndiwo anaculuka pakati pa amene anati anaona magalasi osweka, pamene m'kanemamo munalibe galasi losweka. Liu limodzi la wofunsa linabzala cinthu m'mutu mwa mboni. Wapolisi wofufuza ngozi pa mapiri okhotakhota a mseu wa ku Luangwa Bridge ayenera kulingalira zimenezi asanafunse kuti, "Basi ija inali kuthamanga kwambiri, eti?"

Cimodzimodzi pa ng'ombe zija. Mai amene anamva agalu akafunsidwa kuti, "Munaona mnyamata uja atabvala malaya ofiira, si conco?" adzati inde, ndipo pofika tsiku la khoti adzakhala akuwaona malayawo m'maganizo mwao moona mtima. Funso loyenera ndi lakuti, "Mai, ndiuzeni zonse zimene munamva ndi kuona kuyambira pamene munadzuka." Kenaka wapolisi atseke pakamwa. Akatswiri ena a ku America atamvetsera apolisi akufunsa mboni m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti mboni inali kudulidwa mau isanalankhule ngakhale masekondi 10. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bwalo la mfumu munthu amaloledwa kufotokoza mpaka atanena yekha kuti watha, nduna zisanayambe kumfunsa.

Cina cofunika: mboni zifunsidwe payekhapayekha, ndiponso msanga. Anthu asanu akakhala pansi pa mtengo tsiku lonse kukambirana za usiku uja, madzulo adzakhala ndi nkhani imodzi, ya amene ali ndi mau amphamvu pakati pao.

ZINENERO ZITATU PA PEPALA LIMODZI

Kuno ku Rufunsa kuli bvuto lina limene mabuku a ku England salidziwa. Gogo wa kwa Shikabeta amaganiza m'Cisoli. Wapolisi amene amfunsa mwina anabadwira ku Mongu, ku Kasama kapena ku Monze, ndipo awiriwa amakumana pa Cinyanja ca m'tauni. Koma sitetimenti imalembedwa m'Cizungu. Nkhani imodzi yaoloka mitsinje iwiri isanafike pa pepala, ndipo pa doko lirilonse kanthu kamagwera m'madzi.

Munthu akati "ndinatenga njinga", kodi wanena kuti anaba, kapena anabwereka kwa mlamu wake monga amacitira masiku onse? Akati "ndamva, bwana", kodi wabvomera mlandu, kapena wangosonyeza kuti mau afika m'khutu? Coopsa koposa ndi liu lakuti "ndalakwa". Mwana woleredwa bwino kwathu kuno, wamkulu akamkalipira, amagwada nati "ndalakwa, pepani", ngakhale sadziwa cimene walakwa, kuti mtima wa wamkuluyo utsike. Liu limenelo likalembedwa m'Cizungu pa pepala la Boma, lisanduka kubvomera mlandu wa zaka 5.

Palinso nkhani ya maso. Apolisi ambiri pa dziko lapansi amakhulupirira kuti wabodza sayang'ana m'maso. Akatswiri anayesa zimenezi kambirimbiri napeza kuti si cizindikiro codalirika. Kwa ife n'coposa apo, pakuti tinaphunzitsidwa kuti kuyang'anitsitsa wamkulu m'maso ndi mwano. Mtsikana woweramitsa mutu pamaso pa munthu wa yunifomu akucita zimene anaphunzira kwa amai ake.

Mankhwala ake si odula. Mau ofunika alembedwe m'cinenero cimene anatulukira, kumasulira kwake kutsatire pansi. Ngati wapolisi samva Cisoli, afune womasulira amene sali mbali ya mlanduwo, osati mphwake wa wodandaula cifukwa cakuti ndiye ali pafupi. Pomaliza, sitetimenti yonse iwerengedwe kwa mwini wake m'cinenero cake, akonze pamene palakwika, ndipo pokhapo asaine kapena kudinda cala. Awerengi athu asunge mfundo imeneyi: musadinde cala pa pepala limene simunawerengeredwe. Kupempha kuti akuwerengereni si cipongwe, ndi ufulu wanu. Muli ndi ufulu wopempha loya, ndipo wosauka angathe kupempha thandizo kwa a Legal Aid Board. Womenyedwa apemphe kupita ku cipatala kuti mabala alembedwe akali atsopano, auze woweruza pa tsiku loyamba, ndipo angathe kudandaula ku Human Rights Commission kapena ku bungwe lija la madandaulo a pa apolisi.

Pa ana mpofunika kusamala kowirikiza. Lamulo la ana la 2022, lochedwa Children's Code Act, linakweza msinkhu woyambira kuzengedwa mlandu kufika pa zaka 12, ndipo mwana sayenera kufunsidwa ali yekha popanda kholo, womlera kapena wa nchito yoona za ana. Mwana wocitiridwa nkhanza, amene nkhani yake imapita ku Victim Support Unit, asafunsidwe kasanu ndi anthu asanu, pakuti kubwereza kumamtsegula cilonda ndipo kumasokoneza zimene akumbuka.

TIBWERERE KWA MNYAMATA WA NJINGA

Tsono tiyeni tione m'mene wapolisi wophunzitsidwa njira yatsopano angagwirire mlandu wa ng'ombe uja.

Coyamba, sathamangira m'cipinda cofunsira. Alemba m'buku mabala amene mnyamatayo wafika nao, amtumiza ku cipatala ngati kuli kofunika, nampatsa madzi ndi cakudya. Kenaka apita ku khola mvula isanafute mapazi. Aona kumene ng'ombe zinalowera, awerenga mapazi a anthu, afunsa mboni imodziimodzi. Pobwerera ali ndi zinthu zitatu: mboni ziwiri zinaona mnyamatayo pa njinga dzuwa litapendeka, mapazi a ng'ombe atsata njira ya ku mseu waukulu, ndipo wogulitsa makala wina anamva lole itaima nthawi yaitali tambala asanalire.

Asanafunse, adzifunsa yekha: kupatula kuba, n'ciani cina cingapititse mnyamata ameneyu kufupi ndi khola? Mwina njira ya ku cigayo idutsa pomwepo. Mwina ali ndi cibwenzi m'mudzimo cimene safuna kuti cidziwike. Mwina anabadi, kapena anatumidwa kukazonda. Wapolisi wabwino amalowa ndi maganizo onsewa ali amoyo, ndipo nchito yake ndi kupha limodzilimodzi ndi umboni.

M'cipinda, adziwitsa dzina lake, afotokoza mlandu, apereka cenjezo lija m'mau omveka, napempha mnyamatayo kuti alibwereze m'mau ake kuti aone ngati walimva. Samchula "iwe mbala". Ulemu umenewu suli kufooka ai: munthu amene saopa amalankhula zambiri, ndipo wolankhula zambiri amapereka zambiri zoti zifufuzidwe. Wosalakwa amachula anthu ndi malo amene adzamuombola. Wolakwa amaluka nkhani imene idzakodwa pa umboni.

Kenaka anena kuti, "Ndifotokozere za dzulo lonse, kuyambira pamene unadzuka mpaka pamene unagona." Samuuza za mboni ziwiri zija. Akamuuza poyamba, wolakwa adzangosoka bodza lokwana bwino pa umboniwo, monga telala asokera malaya pa thupi. Amsiya afotokoze, kenaka afunsa mwatsatanetsatane: unadzera njira iti, unakumana ndi yani, njinga yako anakwerapo wina dzulo? Mnyamata akati sanacoke pakhomo tsiku lonse ndipo njinga sanabwereke munthu, pamenepo wapolisi atulutsa umboni modekha: "Pali anthu awiri amene akuti anakuona pa njinga kufupi ndi khola. Ndithandize kumvetsa." Bodza lagwidwa popanda kukweza dzanja, ndipo lidzaima m'khoti. Ngakhale pamenepo wapolisi akumbuke kuti kunama si kuba. Wobisa cibwenzi amanamanso.

Koma mwina mnyamatayo anena yekha, asanauzidwe kanthu, kuti anapita ku cigayo ndi thumba la cimanga, anadzera pa kholalo pobwerera, ndipo usiku anagona ku maliro m'mudzi wina, kumene anthu makumi anamuona akukumba nao manda m'mamawa. Zonsezi zingathe kufufuzidwa tsiku lomwelo ndi njinga yamoto imodzi.

Ena adzati njira imeneyi ndi ya maiko olemera. N'zoona kuti chipinda cokhala ndi makina ojambula cimafuna ndalama, ndipo wapolisi wa kumudzi kawirikawiri alibe galimoto, alibe mafuta, nthawi zina alibe ngakhale mapepala. Boma liyenera kuona zimenezi, pakuti sitingalamule munthu kufufuza ndi kummana zofufuzira. Koma funso lotseguka siligulidwa, ndipo foni ya m'manja imene iri m'thumba la pafupifupi wapolisi aliyense ingathe kujambula mau, malinga akulu a polisi ataika dongosolo la kasungidwe kake. Kujambulako kumachinjiriza wapolisi woona mtima amene anamiziridwa kuti anamenya. Cimene cifunika kwambiri ndi maphunziro, kuyambira ku sukulu ya apolisi ya Lilayi, ndiponso kuti akulu a nchito aleke kuyamikira wapolisi cifukwa ca kuculuka kwa obvomera, ayambe kuwerenga milandu yake imene yaima m'khoti.

Pa mlandu wathu uja, mwini cigayo atsimikiza kuti mnyamatayo anagayitsa cimanga, ndipo anyakwawa a mudzi wa maliro atsimikiza kuti anagona pa siwa. Wapolisi afotokozera mwini ng'ombe ndi akulu a mudzi zimene wapeza, kuti mnyamatayo akabwerera asakamenyedwenso. Kenaka atumiza uthenga kwa anzake a pa mseu wa ku Chongwe kuti aone m'mabuku ao malole onyamula ziweto amene anadutsa usiku uja, ndi makalata a dokotala wa ziweto amene anasonyeza, ndipo iye mwini abwerera kwa wogulitsa makala kukamfunsa bwinobwino za lole ija: mtundu wake, kumene inaloza, ndi mau a anthu amene anamva akulankhula mumdima.